Ku Guangzhou mpunga ndi mbwee, koma tirigu amabisala m'botolo

Amene munakwerako ndege ya Ethiopian kudzera ku Addis Ababa kukapikula katundu ku China mukudziwa kuti mzinda wa Guangzhou sugona. Amene simunafikeko, dziwani kuti nsapato, zikwama, mafoni ndi madiresi ambiri amene mwayala pa benchi mu Limbe, ku Tsoka kapena ku Taifa anadutsa mumzinda umenewu. Chipalireni ubwenzi dziko lathu ndi boma la Beijing kumapeto kwa 2007, njira ya kuno yasanduka ngati ya kudimba.

Ine ndimakhala konkuno. Ntchito yanga ndi yoperekeza anzathu a geni m'mashopu, kuwamasulira chilankhulo, kunenerera mitengo kwa eni mafakitale ndi kulondola katundu mpaka atalowa m'kontena. Koma lero za mitengo tiike pambali. Ndikufuna tikambe za pamimba, chifukwa abale anzanga, munthu ukhoza kukhala ndi madola m'thumba, mumzinda wa anthu oposa 18 miliyoni momwe msewu uliwonse muli malo odyera, koma n'kugona ndi njala ngati kwagwa chilala.

Nkhani yake ili motere. Madokotala anandipeza ndi matenda otchedwa coeliac. M'tirigu, m'balere ndi m'mbewu ina ya kwa azungu yotchedwa rye muli chinthu chotchedwa gluten, chija chimachititsa kuti ufa wa mandasi ukaukanda uzinanda ndi kutanuka ngati mphira. Kwa anthu ambiri gluten ndi chakudya basi. Koma kwa munthu wa coeliac, thupi limamutenga gluten ngati mdani, ndipo pomenyana naye limaononga matumbo ake omwe. M'kati mwa matumbo aang'ono muli tinthu tonga ubweya wa thaulo tomwe timayamwa chakudya kuti chilowe m'magazi. Timeneti timatha ngati thaulo lakalekale. Zikatero munthu amatsegula m'mimba kosalekeza, mimba imafufuma, magazi amachepa, amaonda uku akudya, ndipo akakhala mwana amapinimbira. Akatswiri amati pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 100 alionse ali ndi matendawa, ndipo ambiri sadziwa. Mankhwala ake ndi amodzi okha: kusiyana naye tirigu moyo wako wonse.

Amene anatulukira bwino chinsinsichi ndi dokotala wa ana wa ku Netherlands, Willem Dicke. Pa njala ya m'nkhondo ya 1944 mpaka 1945 buledi anasowa m'dziko lawo, ndipo ana odwala matendawa anayamba kupeza bwino. Buledi atabwerera, anawo anayambiranso kudwala. Njala inaulula mfiti, ndipo mu 1950 dokotalayu analemba zomwe anapeza.

Musaganize kuti mpaka ukhute buledi kuti udwale. Muyezo womwe mayiko ambiri amatsata umati chakudya chitchedwe chopanda gluten ngati pa kilogalamu imodzi muli mamiligalamu osapitirira 20. Nyenyeswa ya sikono yogwera m'mbale ikhoza kuyambitsa nkhondo m'mimba.

Dziko la mpunga

Apa wina anena kuti, aaa, iwe uli ku China, kwawo kwa mpunga, ukudandaulanji? Ndi zoona ndithu. Kumpoto kwa dzikoli anthu amadalira tirigu, koma kumwera kuno, m'chigawo cha Guangdong, mpunga ndiye nsima yawo. Ndipo sauphika ngati mpunga wokha ayi, amapangiranso zakudya zonga supageti, zija ena mumati ma noodles.

Amayi amene mumapikula zovala zotchipa mukuidziwa Shahe, ku Tianhe, komwe anthu amapanikizana m'bandakucha ndi zimatumba zawo. Dzina la dera limeneli ndi lomwe linaperekedwa kwa supageti wotchuka kwambiri wa mumzinda uno, shahe fen, yemwe ambiri amangoti hefen. Ndi woyera, wophwatalala ngati lamba wa diresi. Amaviika mpunga, n'kuupera ndi madzi mpaka ukhale ngati phala lamadzimadzi, n'kuuyala mopyapyala pa thireyi, n'kuuphika ndi nthunzi, kenaka n'kuudula mizeremizere. Akuluakulu a kuno amati wokoma weniweni anali wopangidwa ndi madzi a m'kasupe wa phiri la Baiyun.

Palinso mifen, woonda ngati ulusi, yemwe amagulitsidwa wouma m'mapaketi. Pali changfen, chakudya cha m'mawa, chomwe ndi phala lomwe lija la mpunga lophikidwa ndi nthunzi n'kulipinda, m'kati muli dzira kapena nyama. Pali wa ku Guilin, wobulungira, ndi wa ku Yunnan wotchedwa mixian. Kungomva mayina, munthu wa coeliac ukhoza kuvina kuti wafika ku Kenani.

Phunziro loyamba lomwe aliyense wa matendawa amaloweza kuno ndi mawu awiri. Ukamva mian, ndiye kuti ndi tirigu, thawa. Ukamva fen, kawirikawiri ndi mpunga, mbatata kapena nyemba. Chilembo cha mpunga n'chosavuta kuchizindikira ngakhale kwa ife osaphunzira Chitchaina: chimaoneka ngati mtanda wokhala ndi timizere tinayi m'makona mwake. Koma chenjerani, mawu awiriwa akaphatikizana n'kukhala mianfen, tanthauzo lake ndi ufa wa tirigu, fulawa yeniyeni. Komanso ena opanga hefen ndi changfen amathirako sitachi wa tirigu kuti zisalale ndi kunyezimira. Sitachi ameneyu amatsukidwa kuti gluten achoke, koma palibe amene amayeza kuti watsalamo wochuluka bwanji. Timaphukusi toonekera m'kati tija ta nkhanu za m'nyanja, totchedwa har gow, tomwe alendo amatikonda pa tiyi wa m'mawa, chikopa chake n'cha sitachi yemweyu.

Mdani ali m'botolo

Komabe supageti payekha si amene amagwetsa anthu ambiri. Mdani wamkulu ali m'botolo lomwe limakhala pambali pa wophika aliyense, sosi wakuda wotchedwa jiangyou. Ife timangomva kuti ndi sosi wa soya n'kuganiza kuti ndi nyemba zokha. Ayi, amaufulula posakaniza soya ndi tirigu. Mzinda woyandikana nawo wa Foshan, komwe ena mumakagula matailosi ndi mipando, ndi kwawo kwa kampani ya Haitian, imodzi mwa zikuluzikulu zopanga sosi ameneyu. Ndiye mutha kuona kuti kuno ndi pachimake.

Monga momwe mayi wa kwathu sangaphike ndiwo popanda mchere ndi tomato, wophika wa kuno dzanja lake limapita lokha ku botolo limeneli asanaganize n'komwe. Hefen wokazinga ndi nyama ya ng'ombe, yemwe ndi ulemu wa mzinda uno, mtundu wake wofiirira uja umachokera m'botolomo. Changfen akangochoka pa nthunzi amamuthira sosiyu pamwamba. Mpunga wophikira m'kamphika ka dothi amauthira pomaliza. Nyama zopachikidwa pa windo zija, bakha, tsekwe ndi nkhumba yofiira, zambiri zinagonekedwa m'menemo. Msuzi wa supageti wa ku Guilin ndi momwemonso.

Botololi lili ndi azibale ake. Sosi wa nkhono za m'nyanja wotchedwa haoyou, yemwe amathira m'masamba, nthawi zambiri amamulimbitsa ndi ufa wa tirigu. Viniga wakuda wa ku Zhenjiang ndi vinyo wophikira wa ku Shaoxing, popanga pake tirigu amalowamo. Mowa wa m'botolo ndi wa balere, ndiye za Tsingtao kapena Zhujiang ine ndimangoonera anzanga. Ndipo kuti muone kuti kuno gluten sachita naye mantha, amamutsuka m'fulawa n'kumuphika payekha ngati ndiwo, dzina lake mianjin.

Pali chinanso chomwe maso amaona ukaima pakhomo pa timalesitilanti ta m'misewu. Chimphika cha madzi chimakhala chimodzi, chikubwata kuyambira m'mawa mpaka usiku. Wa mian akabwera, supageti wake amamuviika m'menemo. Wa fen akabwera, m'momwemo, ndi kasefa komweko. Pofika masana madzi aja ayera ndi tirigu. Mbale yanga ikhoza kukhala ya mpunga weniweni koma yasamba m'madzi a mdani. Chiwaya chokazingira nachonso n'chimodzi, amangochitsukuluza ndi kamadzi pang'ono n'kuponyamo za munthu wina.

Ku Xiaobei

Aliyense wochokera ku Africa amayamba wafika ku Xiaobei, pa sitima ya pansi pa nthaka ya Line 5, pafupi ndi chinyumba cha Tianxiu. Anthu akuda anachepako poyerekeza ndi zaka za m'mbuyomu, makamaka chichitikireni mliri wa Covid mu 2020, komabe Chiswahili, Chifalansa ndi Chingerezi cha ku Lagos zimamvekabe. Kuno ndi komwe mlendo amamva ngati wafika pakhomo, ndipo kwa ine ndi komwe misampha imachuluka.

Malo ambiri odyera m'derali ndi a Asilamu ochokera kumpoto chakumadzulo kwa China, komwe ndi kwawo kwa tirigu. Mnyamata amatenga mtanda wa ufa n'kuukoka ndi manja, kuupinda, kuukokanso, mpaka usanduke tizingwe. Ameneyo ndi lamian wa ku Lanzhou, ndipo chomwe chimalola kuti akokedwe chonchi osaduka ndi gluten yemwe uja. Pafupi pake anthu a ku Xinjiang akuotcha buledi wawo wobulungira. Fungo lake lokoma zedi, koma ine ndimadutsa ngati ndikudutsa pa maliro a eni. Chomwe ndimagula kwa iwo ndi kanyenya wa nkhosa, nditaima pomwepo n'kuona kuti akuwaza mchere, tsabola ndi chitowe basi.

Tsiku lina ndinaperekeza mayi wina wa ku Lilongwe, wa geni ya nsapato, kumalo odyera a anzathu a ku West Africa. Atabweretsa mbale, mayi uja anaomba m'manja.

"Achimwene, lero ndiye mudya. Si nsima iyi?"

"Mayi, taimani ndifunse kaye."

"Inunso ndi mafunso anu! Yoyera chonchi, ndi ya ufa woyera iyi."

Nditafunsa wophika anandiuza kuti ndi semo. Imeneyi ndi nsima ya ku Nigeria yomwe maonekedwe ake ndi ntanda wa kwathu weniweni, koma ufa wake ndi wa tirigu. Mayi uja anagwira pakamwa. Ndinaitanitsa eba, yomwe ndi ya chinangwa, mbale wake wa kondowole, nditafunsanso za timabuloko tokometsera msuzi, popeza tina mwa timeneti mumakhala tirigu. Akuluakulu sananame, safunsa anadya phula.

Pa tebulo la bwana

Povuta penipeni si pamsewu ayi, ndi pa tebulo la bizinesi. Kuno mgwirizano umapsa ndi chakudya. Mwini fakitale, yemwe timamutchula kuti laoban, akakondwa nawe amakutengera kumalo odyera apamwamba, tebulo lozungulira, mbale khumi ndi kuposa. Ulemu wake waukulu ndi kutenga chakudya ndi timitengo take n'kukuikira iwe mlendo m'mbale. Kukana kuli ngati kukana nkhuku yomwe apongozi akuphera. Ndipo kumbuyo kwako kuli mayi amene wakongola ndalama kubanki kuti adzaze theka la kontena, akudalira iwe kuti bwanayu atsitse mtengo. Ukadya, mawa sudzuka ndipo katundu akalowa m'kontena popanda womuwerenga. Ukakana mwachipongwe, mtengo sutsika. Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna.

Njira yomwe ndinapeza ndi yonena zinthu zisanafike pa tebulo. Pomwe laoban akuti tiyeni tikadye, ndimamuuza pomwepo kuti ndili ndi guomin ya tirigu, ndipo adokotala anandiletsa. Guomin ndi mawu awo onena za thupi lodana ndi chakudya china. Kunena mwachipatala coeliac ndi matenda ena, koma dzina lake lenileni ndi ochepa amalidziwa kuno, pamene guomin aliyense amaimva. Mawu oti adokotala ndi amene amatsegula zitseko, chifukwa anthu a ku Guangdong amalemekeza kwambiri nkhani yoti chakudya china chimayanja thupi, china ayi. Zikatero bwana uja amasanduka mlonda wanga. Amaitana woperekera zakudya, amakalipa, amalowa mpaka kukhitchini. Ulemu wake umaonekera poonetsetsa kuti mlendo wake wadya bwino. Tiyi akandithirira ndimagogoda pa tebulo ndi zala ziwiri monga mwa mwambo wawo wothokoza, ndipo zokambirana zimayenda.

M'thumba ndimayenda ndi kakhadi kolembedwa m'Chitchaina. Sikangonena kuti sindidya tirigu, chifukwa wophika akawerenga zimenezo amangoganiza za buledi ndi mian. Kamatchula chimodzichimodzi: jiangyou ayi, haoyou ayi, viniga wakuda ayi, madzi atsopano, chiwaya chotsuka, mchere wokha. Masiku ano malo ambiri umaitanitsa chakudya pa foni, kujambula kachizindikiro ka pa tebulo ndi WeChat osalankhula ndi munthu. Ine foniyo ndimaiika pansi n'kupita kukaonana ndi wophika maso ndi maso. Ndimapewanso ola la nkhomaliro pomwe khitchini ili piringupiringu. Pamalo ena ndinapereka khadi, mnyamata anagwedeza mutu kuti wamva, koma nsomba inabwera ikusambira m'sosi wakuda. Nditaibweza anadabwa, ati wangothira pang'ono kuti ikome. Kwa iye chakudya chopanda sosiyo n'chosatha kuphika, ndipo amandimvera chisoni.

Nanga ndimadya chiyani?

Musandilire, sindinafe ndi njala. Ubwino wa kaphikidwe ka ku Guangdong ndi woti amakonda chinthu chimveke kukoma kwake kwachibadwa. Pali nkhuku yowiritsa yotchedwa baiqie ji, yomwe amadyera ndi jinja, anyezi wamasamba, mafuta ndi mchere. Pali nsomba yophika ndi nthunzi, bola unene kuti sosi asathire. Pali nkhanu za m'nyanja zongowiritsa, zomwe sosi wake amabwera m'kambale kapadera. Pali caixin, masamba onga mpiru, okazinga ndi adyo. Pali mazira okazinga ndi tomato, omwe amandikumbutsa ndiwo za pa mwezi ukatha. Phala la mpunga lotchedwa zhou limandisunga m'mawa, ndikangowaletsa kuponyamo youtiao, mandasi awo aataliatali aja.

Pokadya ndi gulu ndimakonda malo a anthu a ku Chaoshan, komwe amaika mphika wa msuzi woyera pakati pa tebulo, aliyense n'kumaviika yekha nyama ya ng'ombe yodula mopyapyala. Pamenepo wophika ndine ndemwe. Ndimangopewa timipira ta nyama ndi masosi osakaniza kale, n'kupempha anzanga kuti mian alowe mumphika ine nditamaliza. Malo a zakudya za ku Vietnam nawonso amandithandiza, popeza supageti wawo wa pho ndi wa mpunga ndipo sosi yemwe amadalira kwambiri ndi wa nsomba ndi mchere, ngakhale kumenekonso kufunsa sikulekeka. M'nyengo yozizira pamsewu pamakhala mbatata yootcha ndi chimanga chophika, ndipo mu June zipatso za lychee za ku Zengcheng ndi Conghua zimadzaza misika.

Koma hefen ndi mifen wamtendere ndimadyera kunyumba. Ndimagula wouma wa m'paketi, ndipo ndisanalipire ndimatembenuza paketi n'kuwerenga mndandanda wa zomwe zilimo, kusakasaka mawu oti xiaomai, omwe ndi tirigu. Paketi yabwino imangonena mpunga ndi madzi, mwina ndi sitachi wa chimanga. Foni imathandiza kumasulira, koma zilembo ziwiri za xiaomai ndinaziloweza ngati nambala ya pasipoti. Kwa zaka zambiri makampani a kuno samakakamizidwa kuchenjeza padera za zinthu zodwalitsa anthu ena. Mu 2025 boma linatulutsa malamulo atsopano a zolemba pa mapaketi omwe akukakamiza zimenezi kuyambira mu 2027. Sosi wa soya wopanda tirigu alipo, ndimaitanitsa pa Taobao, ndipo kabotolo kake kamayenda nane m'chikwama ngati mankhwala. Ufa wa chimanga umapezeka pamsika, wachikasu, ndipo Lamulungu ndimatakasa nsima yanga ngakhale siifika pa mgaiwa wa kwathu.

Kwa inu a pamsika

Inu mukapikula katundu simukhulupirira chithunzi cha pa katoni. Mumatsegula, mumatulutsa nsapato ya pansi penipeni, mumaikoka soli, mumawerenga mapeyala. Ine mbale ya chakudya ndimaitenga chimodzimodzi. Kuyera kwa supageti ndi chithunzi cha pa katoni chabe. Katundu weniweni ali m'botolo, mumphika ndi m'chiwaya.

Ngati pakhomo panu pali mwana kapena wamkulu yemwe m'mimba simumupatsa mtendere, magazi amangochepa, thupi silikwera, musathamangire kunena kuti ndi coeliac, chifukwa njoka za m'mimba ndi matenda ena ambiri amachita zofanana. Pitani naye kuchipatala, ndipo mukatchule kwa adokotala ngati mwaona kuti zimakula akadya buledi, mandasi, chapati kapena samusa. Asasiye tirigu asanayezedwe, popeza kuyeza magazi ndi matumbo kumaonetsa bwino matendawa munthu akamadyabe.

Mwayi womwe tili nawo kwathu ndi waukulu kuposa momwe timauonera. Chimanga, chinangwa, mapira, mawere, mbatata, nthochi ndi mpunga wa Kilombero mulibe gluten ngakhale pang'ono. Zomwe azungu amagula modula m'mashelefu apadera, ife timapima pa beseni. Choncho amayi a zitumbuwa ndi chigumu, tsiku lina kasitomala akadzaima pa benchi lanu n'kufunsa ngati mwasakanizako fulawa, kapena ngati mafutawo mwakazingiramonso mandasi, musadzamuone ngati wamatama. Muuzeni zoona. Mukadzanena kuti mulimo, mwataya ndalama ya chitumbuwa chimodzi. Koma akadzadziwa kuti pa benchi lanu sanamizidwa, ameneyo ndi kasitomala wanu mpaka kalekale, ndipo adzabwera ndi anzake.